Achemwali Anga ndi Galu Wolira Kuseri kwa Chitseko

Achemwali anga anatenga galu mawondo awo atatha kale, akukhala m'nyumba ya lendi, ndiponso pansi pawo pakugona munthu wogwira ntchito usiku. Zonsezi ndinawauza tsiku lomwe tinkapita kukamutenga, ndipo ndinawauza mokweza, pakuti ine ndikaona chinthu chopanda mutu sinditha kumeza mawu. Iwo anangoyang'ana pawindo la takisi n'kundifunsa kuti, "Wamaliza?"

"Sindinamalize."

"Udzamalizire pobwerera."

Ndi mmene alili achemwali. Sakangana ndi munthu. Amakusiya ulankhule mpaka malovu aume, kenako amachita zomwe anaganiza kale.

Kuti mumvetse za galuyu, muyambe mwawadziwa iwowo. Kwathu ndiwo oyamba kubadwa, ine wotsiriza. Amayi athu ankadwaladwala, moti msana womwe ine ndinakulirapo ndi wa achemwali. Ndikangoyamba kulira, iwo afika kale, kaya anali kuchapa kaya anali kudya. Atakula analowa ntchito kuchipatala, poyamba yokolopa, kenako yosamalira odwala m'wodi ya okalamba ndi ofa ziwalo: kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa ndi supuni, kuwachotsera zoipa. Sanali namwino ayi, ndipo ukawatchula namwino amakudzudzula pomwepo. Pabedi lililonse m'wodimo panali kabelu koti wodwala azidina akafuna thandizo. Anzawo ena belu likalira ankayamba amaliza kaye tiyi. Achemwali ankangoika kapu pansi, ulendo. N'chifukwa chake anawapatsa dzina loti Ambulansi, ndipo linawakanirira mpaka tsiku lopuma pantchito.

Alamu anga, amuna awo, nawonso anadzafa ziwalo mbali imodzi. Ndiye kuntchito achemwali ankathamangira mabelu, akafika kunyumba n'kumathamangira supuni yomwe alamuwo ankagogoda nayo pakapu akafuna kanthu. Anawadwazika mpaka kuwatseka maso. Ana awo ali kutali ndi ntchito, amaimba foni Lamlungu. Mawondo atakaniratu, dokotala anati basi mupume, ndipo achemwali anabwerera m'kanyumba kawo ka zipinda ziwiri, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, mopanda aliyense wowaitana.

Ine ndimasoka makatani, ndipo shopu yanga siili kutali ndi kwawo. Ndikatseka ndinkadutsirako. Ndinkawapeza atakhala pampando, nsapato zili kumapazi, TV yozima, ngati munthu amene akudikira kuti amuitana. Kuphika anasiya. Ndikafunsa ankati, "Ndiphikire ndani?" Masiketi awo anayamba kuwazungulira m'chiuno, ndipo wowabweza pamakina ndinali ine, ndiye sakanandinamiza kuti akudya. Zinkandipweteka, komanso zinkandikwiyitsa, chifukwa munthu amene wadyetsa anthu moyo wake wonse sankatha kudziikira yekha poto pamoto.

Nzeru ya galu inabwera ndi mwana wawo wamkazi pafoni. Anawauza kuti kumapeto kwa tauni kuli malo osungirako agalu osowa eni ake, ndipo munthu akhoza kukatengako mmodzi. A landilodi anavomera, koma ndi mawu akuti asasokoneze anthu. Ine palibe anandifunsa. Anangondiuza kuti ndiwaperekeze, ndikanyamule chingwe.

Titalowa kumaloko, phokoso lake linali losati n'kumvana. Makola mbali ino ndi mbali iyo, simenti yonyowa, fungo la mankhwala okolopera. Ine ndinatseka mphuno, koma achemwali anakoka mpweya n'kunena kuti, "Muno mukununkha ngati kuntchito," nkhope itawala kwa nthawi yoyamba chipumireni pantchito. Munali agalu okongola, abale, ena aubweya wosalala, ena ang'onoang'ono oti n'kuwanyamula m'manja. Onsewo anawapitirira. Anakaima pakhola lakumapeto, pomwe panali galu wofiirira, nthiti zikuwerengeka, khutu limodzi long'ambika likulendewera. Sankauwa ngati anzake. Ankalira ndi kamawu kakang'ono, kotalika, kolowa m'mano.

Mayi woyang'anira malowo, wathupi, wovala magambuti, sanatibisire kanthu.

"Uyu musamuthamangire, mayi. Anthu anamutengapo kangapo, onse anamubweza. Saluma, sakuba, koma akangotsala yekha amalira osalekeza. Komanso wakula. Akabwereranso kuno, sindikhulupirira kuti adzatulukanso."

Ndinawatsina achemwali pamkono kuti amve bwino. Iwo anachotsa dzanja langa n'kunena kuti, "Ndiye ameneyu."

"Koma achemwali, mwamva zomwe anenazi?"

"Ndamva. Bweretsa chingwe."

Chifundo chinapha nkhwali, ndinawauza choncho m'takisi pobwerera, galuyo atandisanzira pa nsapato. Dzina anam'patsa loti Khutu, chifukwa cha khutu long'ambikalo.

Masiku oyamba Khutu anakodza paliponse: pakhonde, pansi pa tebulo, pamwendo wa bedi. Ine ndikanakhala ine bwenzi nditam'bweza tsiku lachiwiri. Achemwali ankangotenga ndowa ndi mopu, osakwinya n'komwe nkhope. Ankati, "Izi ndi zochepa, iwe. Ndaona zoposa pamenepa." Anam'yalira bulangete pakona, n'kulipinda m'makona mwake bwinobwino monga ankayalira mabedi a m'wodi, iye n'kulifukula ndi mapazi, iwo n'kuyalanso. Chakudya akachinunkhiza n'kuchisiya, ankakhala pansi n'kumam'dyetsa ndi dzanja, kwinaku akumunyengerera kuti, "Kamodzi kokha, bambo, kamodzi kokha." M'mawa uliwonse ankamugwira pamphuno ndi m'makutu kuti aone ngati watentha thupi. Ndinawauza kuti amene mwatengayu si galu, mwatenga wodwala, ndipo sanakane.

Kuyenda naye kunali nkhondo. Achemwali amatsika masitepe limodzilimodzi, atagwira chitsulo cham'mbali, pomwe Khutu ankafuna kutsika onse nthawi imodzi. Mumsewu akaona njinga yamoto ankathawira kumanzere, akaona pepala likuuluka ankathawira kumanja, achemwali akudzandira pambuyo pake. Tsiku lina anawagwetsa pafupi ndi golosale, anabwera bondo litatupa, koma choyamba kundiuza chinali choti galu wachita mantha. Ine anandidyera tepi yoyezera yomwe ndinaiwala pampando, anaitafuna mpaka manambala osaoneka. Ndinam'tukwana, iye n'kumandiyang'ana ndi maso achisoni ngati wolakwa ndine.

Koma zonsezi zinali zopirira. Vuto lenileni linali chitseko. Chitseko chilichonse chikatsekeka pakati pa iye ndi achemwali, Khutu ankayamba. Poyamba kamawu kaja, kenako kukanda, kenako kukuwa kwenikweni, kokweza mutu m'mwamba, komveka mpaka kumsewu. Ndipo asanafike n'komwe pokanda, achemwali anali atatsegula kale. "Ndili pano, ndili pano, usalire." Anayamba kusamba chitseko cha kubafa chili chotsegula, galu atagona pakhomo. Zinyalala ankakataya naye limodzi. Kutchalitchi anasiya, kumsika ndinkawapitira ndine. Tsiku lokaonana ndi dokotala wa mawondo linafika n'kudutsa, iwo ali m'nyumba.

Choipa n'chakuti ankaoneka bwino. Ankaphika, pakuti pophikira galu ankadziphikirako. Ankadzuka m'mawa ali ndi chochita. Ndiye ine ndikati ndiwakalipire, ndinkalephera, chifukwa ndinkaona kuti kagalu konyansaka kawabwezera achemwali anga.

Kenako mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anatha, ndipo kuchipatala safuna wotumidwa, amafuna mwiniwake kuti amuyeze. Anachoka m'mawa, mzere unali wautali, anabwerera dzuwa litapendeka. Khutu analira nthawi yonseyo. Penti wa chitseko anamukanda mpaka thabwa kuonekera, zikhadabo zikutuluka magazi. Pamasitepe achemwali anapeza anthu awiri akuwadikira: bambo wokhala pansi pawo, amene amaphika buledi ku bekale usiku n'kumagona masana, ndi a landilodi.

Ine ndinafika zikutha. Bambo wa bulediyo maso anali psu, atavala kabudula ndi malaya ogonera. Olankhula anali a landilodi, ndipo sanakalipe, zomwe zinandiopsa kwambiri.

"Mayi, inu mwakhala nane nthawi yaitali, sitinayambanepo. Koma awa nawonso amalipira lendi. Mwezi uno ukamatha, galuyu akhale atasiya kulira. Apo ayi, abwerere komwe anachokera."

"Akabwerera akafera komweko," anatero achemwali.

"Ndiye mupeze nyumba ina, mupite naye. Ine ndanena."

Nyumba ina ya kuti, ndi mawondo amenewo? Kwanga n'kosatheka, amuna anga chifuwa chimawabanika akangoyandikira ubweya. Ndinafuna kuwayankha a landilodi, mawu anali atafika kale pamlomo, koma kwa eni kulibe mkuwe. Ndinangowathandiza achemwali kukwera masitepe otsalawo, kenako ndinaimbira foni mayi wa magambuti uja.

Anabwera Loweruka. Anakhala pampando, anakana tiyi, n'kunena kuti, "Tatulukani, mayi, mutseke chitseko, ndione." Achemwali anatuluka. Khutu anathamangira kuchitseko, anati kamawu kamodzi kokha, chitseko chatseguka kale.

Mayiyo anapukusa mutu. "Galu wanuyu ndi wanzeru. Waphunzira kale phunziro limodzi, ndipo waliphunzira bwino: ndikalira, chitseko chimatseguka. Mwamuphunzitsa ndinu."

Achemwali anakhala ngati awamenya mbama.

Njira yake, monga anafotokozera mayiyo, inali yosavuta kuimva. Uzituluka osatsanzika, osamusisita. Utseke chitseko. Akalira, usatsegule. Udikire mpaka atakhala chete, ngakhale kanthawi kochepa, ndiye ulowe mwakachetechete, um'patse kanyama. Mawa udikire kotalikirapo. Pang'onopang'ono adzazindikira kuti chomwe chimabweretsa munthu ndi kukhala chete, osati kulira.

"Ndiye ndizimumva akulira, ine n'kungokhala?" anafunsa achemwali.

"Eya."

"Wina akuitana?"

"Si munthu, mayi. Ndi galu."

"Kulira n'kumodzi."

Mayiyo anandiyang'ana ine, ndipo ndinamva zomwe maso akewo ankanena. Potuluka anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Galuyu ndilibe naye nkhawa. Inu muwagwire akulu anuwa."

Ndiye ntchito yanga inakhala imeneyo. Masana aliwonse ndinkatseka shopu, makatani a anthu ali pamakina, n'kupita kukakhala pamasitepe ndi mayi wachikulire kuti asatsegule chitseko cha nyumba yake yomwe. Tinkasankha nthawi yomwe bambo wa buledi wadzuka kukadya, koma sikuti nthawi zonse tinkalondola. Masitepe ake ndi a simenti, ozizira, onunkha mafuta ophikira a nyumba zonse. Tinkakhala pa sitepe yachitatu kuchokera pamwamba, ine kumbali ya chitseko kuti ndiwatchingire.

Tsiku loyamba sitinafike n'komwe pokhala pansi. Lachiwiri anakhala, koma Khutu atangoyamba kukanda, ndinangoona siketi ikudutsa. Munthu amene amatenga chaka kuti akwere sitepe imodzi, abale, anandidumpha ngati mtsikana! Ndinawafunsa kuti mawondo aja apita kuti, iwo anati, "Sindinadziwe kuti ndaimirira." Ndipo sankanama. Miyendo yawo inkamva kulira mutu usanamve.

Ndinayamba kuwalanda makiyi. Ankakhala ataika manja pansi pa ntchafu, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, milomo ikuyenda. Ndinawabweretsera thonje loti atseke m'makutu, anakana, anati kutseka makutu wina akulira ndi tchimo loposa kusatsegula. Ndinayesa kuwacheza nkhani za kushopu, za mayi wina amene anandibweretsera nsalu yosakwana windo n'kumati ndamubera, koma sankamva chilichonse. Khutu akangopuma kuti akoke mpweya, iwo ankati, "Wasiya! Tsegula!" ndipo ndisanalowetse kiyi, wayambanso. Tikatero tabwerera poyambira.

Sabata inatha choncho, ina n'kuyamba. Ine ndinatopa, ndisaname. Makasitomala ankapeza shopu yotseka n'kupita kwina. Msana unkandiwawa chifukwa cha simenti. Kunyumba amuna anga ankandifunsa kuti, "Kodi wakwatiwa ndi galu?" Achemwali nawo anayambanso kuwonda. Ankalowa m'nyumba tikamaliza, n'kumupepesa galuyo, kumusisita, kumudyetsa ndi dzanja, kufafaniza zonse zomwe tapanga tsikulo.

Tsiku lina zinafika poipa. Khutu analira nthawi yaitali kuposa masiku onse, mawu mpaka kusasa. Achemwali anandigwira dzanja lomwe munali makiyi.

"Ndipatse."

"Ayi."

"Iwe, ndati ndipatse makiyi anga. Nyumba ndi yanga."

"Nyumba si yanu, ndi ya a landilodi, n'chifukwa chake tili pano!"

Anandipotokola chala. Achemwali, amene sanandimenyepo chibadwire changa! Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima sindisankha mawu. Ndinawaponyera makiyiwo pamiyendo n'kunena kuti, "Tsegulani! Tsegulani, mumunyamule, mumupsompsone. Mwezi ukatha ndidzakuperekezaninso pa takisi, mukamusiye m'khola muja akafe. Adzakhala wamupha ndinu, ndi chifundo chanucho!"

Anayang'ana makiyiwo, osawatola. Misozi inayamba kutsika, osalira mokweza, kungotsika basi. Ndinamva chisoni nthawi yomweyo, koma sindinabweze mawu, chifukwa anali oona.

Ndi pomwe tinamva chitseko cha pansi chikutseguka. Bambo wa buledi anakwera pang'onopang'ono, tsitsi lili nyankhalala, ndipo ine ndinakonzeka kale kuti lero ndiye tiyambana. Koma iye anangokhala pa sitepe ya m'munsi mwathu n'kutsamira khoma.

"Musandione ngati munthu woipa, mayi," anatero. "Ine galu wanuyo ndilibe naye mlandu. Kungoti tulo. Dzulo ndinasinza nditaimirira, taonani."

Anakweza mkono. Anali atapsa ndi chitseko cha uvuni kuyambira pachigongono kutsika, ndipo anali atamangapo kansalu kakuda, komatirira pabala.

Achemwali anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Mwamanga ndi chiyani chimenechi? Mwapakapo chiyani?"

"Mafuta ophikira."

"Ambuye! Mukufuna mkono uwole? Bwerani kuno."

M'chikwama cha achemwali simusowa bandeji, kalumo ndi kabotolo ka mankhwala otsukira mabala, ngakhale akupita kogula mchere. Ananditumiza madzi kunyumba kwa bamboyo. Ananyowetsa kansaluko, n'kumakachotsa pang'onopang'ono, akumuuza kuti, "Pepani, bambo, pepani, chatsala pang'ono." Anatsuka balalo, analiumitsa, anamanga bandeji yoyera mosathina, kwinaku akumulangiza kuti mawa apite kuchipatala, asachite makani. Nthawi yonseyo Khutu ankalira kuseri kwa chitseko, ndipo ndinkaona phewa la achemwali likudumpha kulira kulikonse, koma manja anali otanganidwa, sakanasiya bala lili pamtunda.

Akumanga mfundo yomaliza, tinazindikira kuti kuli zii. Tinayang'anana anthu atatu akuluakulu, tili pamasitepe, kuopa ngakhale kupuma. Ndinatola makiyi, ndinawapatsa. Analowa mwakachetechete monga anawauzira, anam'patsa kanyama. Imeneyo inali nthawi yoyamba kuti achemwali atsegule chitseko galu atasiya yekha kulira.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinayenda myaa. Mawa lake analiranso, mkuja wake chimodzimodzi. Koma ndinali nditadziwa mankhwala ake. Ndinayamba kubwera ndi makatani oti apindidwe m'mphepete ndi singano yamanja, n'kuwaunjikira pamiyendo. Bambo wa buledi ankakwera kudzasinthitsa bandeji, bala litayamba kale kuuma, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa chomwe akuchita. Achemwali ankasoka mizere yokhotakhota, yoti ine madzulo ndikaphwasule, koma ankakhala pansi. Kulira kuja kunayamba kufupika. Kukanda kunatha. Tinayamba kutsika mpaka pakati pa masitepe, kenako mpaka pansi, kenako kukafika kugolosale n'kubwerera.

Ine ndinkasangalala, koma iwo ayi. Tsiku lililonse lomwe Khutu wasiya msanga, achemwali ankabwerera m'nyumba ali khuma. Ndinkati ndi kutopa, pakuti tonse tinali titatheratu.

Mwezi uli pafupi kutha, a landilodi anabwera kudzadzimvera okha. Anati, "Tulukani nonse, titsike, ndimve." Achemwali anavala nsapato, anatenga chikwama, osamuyang'ana galuyo. Ndinakhoma chitseko ndine. Tinatsika mpaka panja n'kuima pansi pa windo lawo, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Mtima wanga unali m'mwamba. Njinga yamoto inadutsa, ana a sukulu anadutsa akuphokosera, wina anamenyetsa geti. Kumwamba kuja kunali chete. A landilodi anayatsa fodya, anasuta mpaka kutha, anayenda kukayang'ana paipi yomwe inkadontha kuseri, anabwerera, n'kuimanso kumvetsera. Kunali chetebe.

"Chabwino," anatero. "Akhale. Koma chitseko chija mupake penti."

Bambo wa buledi, yemwe anasuzumira pawindo lake, anatikwezera mkono wabandeji uja n'kutseka katani. Ine ndinawakumbatira achemwali pamsewu pomwepo. "Mwaona? Zatheka! Khutu sakupitanso kulikonse!"

"Eya," anatero.

"Eya basi? Mwezi wonse ndakhala pa simenti, inu n'kungoti eya?"

Tinayamba kukwera, iwo patsogolo, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Titafika pakati anaima, atagwira chitsulo, akuyang'ana kumwamba komwe kunali chitseko chawo.

"M'wodi muja," anatero, "munali odwala ena osaliza belu. Tsiku lonse phee. Anamwino ankawakonda, ankati awa ndiye odwala abwino, savuta. Ukudziwa chifukwa chake sankaliza?"

"Ayi."

"Analizapo. Masiku oyamba ankaliza kwambiri, pa nthawi yomwe ine kulibe. Kenako anaona kuti n'kutaya mphamvu."

"Achemwali, uyu ndi galu. Mayi uja anati akakhala chete ndiye kuti wadziwa kuti mubwerera."

"Mwina."

"Si mwina, ndi choncho."

"Iwe unamufunsa galuyo?"

Tinamaliza masitepe otsalawo. Pakhomo ndinatsegula ndine. Khutu anali atagona pabulangete lake pakona. Sanatithamangire, sanalumphe. Anadzutsa mutu, anatiyang'ana, mchira unagunda pansi kawiri, kenako anatsamiritsanso chibwano pamapazi ake.

Achemwali anaika chikwama pansi. Anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuyamba kugwada, mawondo akulira, nkhope itakwinyika ndi ululu, mpaka anakhala pansi penipeni pambali pake. Anaika dzanja panthiti zake n'kulisiya pomwepo, likukwera ndi kutsika.

"Pepa, bambo," anatero. "Ikanakhala nyumba yanga ino, bwenzi ukulira mmene ukufunira."